Chaka Chimene Tinatentha Tirigu Wathu

Besarabiya, Okutobala 1827

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wochokera kwa ine ndi banja langa lonse. Kaya muli bwanji ndi msana wanu uja pano kuzizira kwayamba? Kalata yanu inatipeza pa Pasaka, ndipo ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika mopindamo. Kuno tonse tili moyo, kungoti wamng'ono uja, Apollonia, amene tinamutcha dzina lanu, akuvutika ndi mano.

Munafunsa ngati tikugonabe m'nyumba yokumba pansi ngati mbewa. Ayi, Amayi, tinatulukamo. Tili m'nyumba yamiyala, ya mawindo oyang'ana kumsewu. Nkhuni zokha ndiye kulibe, timasonkhera ndowe zouma. Mukanandiona ndikuumba ndowe ngati njerwa mukanaseka mpaka misozi.

Koma chimene ndakhalira pansi ndi nkhani ya dzombe. Linabwera tirigu atatsala pang'ono kucha, lisanamere mapiko, likuyenda pansi ngati madzi osefukira. Munda wathu ndi wakumapeto, choncho linayambira kwathu. Mudzi wonse unathamangira kumeneko ndi mapoto, mabelu a ng'ombe ndi makasu. Tinachita phokoso, tinakumba ngalande, koma linkangodzaza ngalandezo n'kuwoloka pamsana pa linzake. Kuseri kwa munda wathu kuli wa mayi Haug, amasiye olera okha ana asanu, kenako minda ya anthu ena onse.

Ndinaona amuna anga, a Eberhard, ataima chete, akuyang'ana kumene mphepo inkalowera. Kenako anauza anzawo kuti amwete mzere waukulu pakati pa munda wathu ndi wa mayi Haug, ine n'kundituma kukapala moto. Nditazindikira chimene ankafuna ndinawagwira malaya, ndikufunsa ngati ana athu adzadye phulusa. Sanakweze mawu. Anangoti, “Regina, wathuyu wapita kale. Tiye tipulumutse wa anzathu.”

Moto anayatsa okha. Tirigu amene tinamukhetsera thukuta chaka chonse anapsa ife tikuona, pamodzi ndi dzombe lambirimbiri, ndipo lotsalalo linakhotera kudambo. Dzanja lawo lamanja linapsa kwambiri pozimitsa moto umene unkafuna kudumphira kwa amasiye aja.

Sindikubisirani, ndinatha masiku osawalankhula. Chakudya ndinkangoika patebulo n'kutuluka.

Anthu atamaliza kupuntha, tinangomva ngolo zikuima pakhomo. Oyamba kutsika anali bambo Kienzle, amene chifikireni kuno akhala akunyoza a Eberhard kuti munthu woomba nsalu sangalime. Anaponya thumba la tirigu pakhonde n'kunena kuti, “Iwe woomba nsalu, tsegula nkhokwe. Ukufuna ndikusenzere mpaka m'kamwa?” Pambuyo pawo panali mabanja ena onse, lililonse ndi thumba lake. Mayi Haug anabweretsa lawo pamsana, ndipo titayesa kukana anakwiya, amvekere tisawasandutse opemphapempha. Paja amati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Ife tazionadi ndi maso. Chakudya tili nacho mpaka kukolola kwina, mbewu ya chaka chamawa iliponso.

Lamlungu lotsatira, akuluakulu ampingo anawasunthira a Eberhard malo pabenchi yakutsogolo. Iwo anachita manyazi n'kukakhala kumbuyo monga mwa masiku onse. Ine ndiye ndinaimba mokweza mpaka mdzukulu wanu Luise anandigunda ndi chigongono.

Dzanjalo likupola, koma zala ziwiri sizikupinda, ndipo sitikudziwa ngati adzaombenso nsalu. Eni ake amangoseka, ati pulawo sawerenga zala.

Tsono, Amayi, ndili ndi pempho limodzi. Ndikudziwa kuti simunafune kuti ndikwatiwe ndi munthu wopanda munda, ndipo zinakuwawani atanditengera kutali kuno. Chichokereni kwathu, m'makalata anu onse mumangoti “munthu uja”. Makalatawo ndimawawerengera a Eberhard mokweza, ndipo ndikafika pamenepo ndimaikapo ndekha dzina lawo. Amadziwa, poti kuwerenga amandiposa, koma sananenepo kanthu. Mukamadzayankha, chonde muwapatse moni powatchula dzina. Sindikupempha china.

Mundiperekere moni kwa achimwene Matthäus ndi alamu anga, ndiponso kwa azakhali a Ursula, amene ndikukhulupirira kuti akadali olongolola. Mng'ono wanga Beate mumuuze kuti mpango anandipatsa uja ndimavala pa masiku aakulu okha. Mukapita kumanda a Bambo mundiikireko duwa. Ana akuti moni kwa agogo awo amene sanawaonepo. Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wanu,
Regina, mkazi wa Eberhard Widmaier