Nambala Imene Iddi Anaiona pa Kope Langa

Mayfair, Joni
14 Juni

Achemwali anga a Hidaya,

Asalaam aleikum. Kaya muli bwanji ku Lungwenako? Nanga mwendo wa amayi unaphwa? Ine ndili bwino, Alhamdulillah, kungoti kuno kwazizira zedi. Ntchito ya mushopu ikuyenda.

Ndalemba kalata dala, osati voisi ya pafoni, kuti mukaiwerenge pamaso pa a Sumani, amjomba ake a mkazi wanga Abiba, alongo awo a amayi ake aja. Ndamva zoti akufuna kumutenga Abiba ndi mwana, ati banja lithe, chifukwa msuweni wathu Iddi atachoka kuno wakafalitsa zoti ndinalowa za sataniki. Ati anaona makope anga odzaza manambala, ndipo nambala ya pachikutoyo ndi foni ya mabwana anga a kumidima. Iddi yemwe uja, wothawa masamu mu Sitandade 5! Ndinaseka, kenako ndinapsa mtima, ndipo sunaphwebe.

Nambalayo nayi, aiyimbe: 2,147,483,647.

Inu mumaika utaka m'milu pamsika. Nsomba 12 zimatheka zitatuzitatu kapena zinayizinayi. Zikakhala 13, yesani mulimonse, milu siilingana, pokhapokha muziyale imodziimodzi. Nambala zokana kugawika chonchi amati mapulaimu, ndipo yangayi ndi yotero, kungoti ndi chimphona. Imapezeka ukachulukitsa ma 2 okwana 31 n'kuchotsapo 1. Mapulaimu obadwa mwa njira imeneyi ndi osowa, dziko lonse likudziwapo makumi asanu ndi pang'ono basi. 31 yemweyo ndi wa mtundu womwewo: ma 2 asanu, kuchotsapo 1. Usataniki uli pati pamenepa?

Akatswiri anatsimikiza kalekale kuti nambala yangayi ndi pulaimu, koma ine ndikufuna ndione ndi dzanja langa. Pali njira ya masitepe 29, pomaliza pake payenera kutsala ziro. Ndalimbana nayo miyezi inayi pa nthawi yopuma masana, ndabwerera kawiri nditalakwitsa, pano ndili pa 24.

A Sumani akuti ndiwotche makopewa kuti akhulupirire. Sindiwotcha, olo tsamba limodzi. Ndikawotcha ndiye kuti ndavomera bodzalo, ndipo mwana wanga adzakula akulozedwa chala. Kwathu anandisiyitsa sukulu ndili Fomu 2 kuti ndizipalasa bwato, ndinangomvera. Ichi chokha ayi.

Pempho langa ndi limodzi. Pepala la masamu anga ndaika m'kalatali mupite nalo kwa aphunzitsi a masamu a kusekondale, muwapemphe abwere pamodzi ndi ashehe, alione pamaso pa a Sumani. Pomwepo Abiba afunsidwe yekha. Akanena ndi pakamwa pake kuti sakundifunanso, ndilira koma ndivomera. Wina asamulankhulire.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu anga ndi adzukulu onse. Abiba mumutengere pambali, mumuuze kuti ndikuopa kumutaya kuposa mmene kalatayi ikumvekera.

Ndine mlongo wanu wosamva uja,
Wadi