Mchenga wa Lennah

Al Garhoud,
Dubai.
12 Okutobala 2025

Okondedwa Achimwene Derrick,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse ku Linthipeko. Ine kuthupi ndili bwino, zinazo muzimva m'munsimu. Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati munthu wakale pomwe foni ilipo. Ndakhala ndikukuimbirani kuti ndinene, koma ndikangomva mawu anu ndimangoyamba kufunsa za feteleza. Kalatayi ndapatsira a Foster a kwa Chimbiya, amene amalondera hotela ku Marina, poti akubwera kutchuthi.

Achimwene, ndikubwerera kumudzi, ndipo si tchuthi ayi. Viza ya zaka khumi ndinkakuuzani ija, imene amapatsa manesi otumikira zaka khumi ndi zisanu, andikaniza. Ndinapita kuofesi monyadira, yunifolomu yosita bwinobwino, podziwa kuti ine zakazo ndinapitirira kale ndi ziwiri. Mtsikana wa pamenepo anayang'ana pa kompyuta n'kunena kuti, "Sister, ife timawerenga kuyambira tsiku limene munalandira laisensi."

Ndinati, "Nanga zaka zinayi zoyambazo ndinali kuti? Odwala ndinkawasambitsa aja inali mizukwa?"

Anangotambasula manja. "Nthawi imeneyo munali wothandizira, osati nesi. Khalas, sister." Khalas ndiye kuti basi, nkhani yatha.

Chimene chinachedwetsa laisensiyo mukuchikumbukira. Kuno sakhulupirira pepala lili m'manja mwako. Amalembera okha kumene unkagwira ntchito kuti akakuchitire umboni. Kachipatala ka mishoni ndinkagwirako ntchito kumudzi kaja kanali katatsekedwa, ndiye makalata awo ankangopita osayankhidwa. Ndinu amene munapalasa njinga kukasaka a Mwenda, mkulu wa chipatalacho, mpaka munawapeza kumunda. Mayeso ndinakhoza ulendo woyamba womwe. Koma zaka zinayi zija, zonyamula mikodzo ndi kutembenuza nkhalamba, akuti palibe anaziona.

Ndikanapirira ziwiri zotsalazo, koma chipatala chathu agula anthu ena, ndipo akuluakulufe atiuza kuti kontilakiti sawonjezera. Kuno ntchito ikatha, viza imatha nayo. Ndayenda Dubai yense ndi mapepala mpaka nsapato kuperepeseka. Kulikonse akaona zaka zanga amamwetulira, amvekere, "Inshallah, tikuimbirani." Foni ili zii. Pofika kumapeto a Novembala ndiyenera kukhala nditatuluka m'dziko muno.

Ntchito sindikuilira, achimwene, manja awa sangagone ndi njala. Ndikulira Lennah.

Tsiku limene mwana wanga anatisiya, inu munanena pafoni kuti, "Mbumba yanga sigona kuchilendo. Bwera naye mwanayo adzagone pafupi ndi agogo ake." Ine ndinakana. Ndinati Lennah anabadwira kuno, sukulu waphunzira kuno, viza ikubwera, ndidzakalambira pafupi naye. Ndinkaopa kumusiya kutali n'kumamuona kamodzi pa zaka ziwiri. Inu munangoti, "Chabwino, mayi wake ndiwe." Simunabwerezenso, ndipo kusabwereza kwanuko kukundiwawa lero kuposa mukanandikalipira. Chimene ndinkathawa chija ndi chomwe chandipeza.

Lamulungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi ndimapita kumanda ku Jebel Ali ndi tsache lija anandipatsa alamu. Kuno pamanda sipamera udzu, koma mchengawo, abale inu! Mphepo ikangoomba sabata imodzi, dzina lonse lakwiririka. Ndimasesa, ndimakhala pansi, n'kumamuuza nkhani za kuwodi. Mwana uja ankandiseka Chiarabu changa, poti iye ankachilankhula ngati mwini wake. Ndikachedwa kukamutenga kusukulu ankaima pageti manja ali m'chiuno, amvekere, "Yalla, tiyeni Mami, mwachedwanso!" Mpaka pano basi ikandichedwetsa ndimafika pamandapo ndikupepesa.

Sabata yatha ndinapita ndi Flora, nesi mnzanga wa ku Zambia amene timakhala nyumba imodzi. Ataona ndikusesa misozi ili chuchuchu, anandilanda tsache n'kuti, "Iwe Matildah, osalila. Nizasesa ine, mwana ni wathu tonse."

Ndinamufunsa, "Nanga iwe viza yako yatsala zaka zingati?"

"Chaka na hafu," anatero.

Tinaseka ngati amisala pakati pa manda, kenako tinagwirana n'kulira. Flora akadzachoka, mchenga udzamaliza ntchito yake, ndipo wodutsa sadzadziwa kuti pamenepo pagona mwana wa munthu. Zimenezi zikundidya mtima usana ndi usiku.

Za kumufukula ndafunsa. Akuti zilolezo zake sizingatuluke m'masiku ndatsala nawowa, komanso kunena zoona, maso angawa sangapirire kuona fosholo ikulowa pamene ndakhala ndikusesa. Ndiye ndinatapa mchenga wa kumutu kwake m'kabotolo ka kuchipatala, kaja timatumiziramo magazi kukayezedwa. Dzanja linazolowera, moti ndinapezeka ndalemba kale dzina lake pa kapepala komata. Polemba wodi ya wodwala ndinaima kaye, kenako ndinalemba kuti Linthipe.

Pempho langa ndi ili. Inu ndinu mwinimbumba, ndipo ine ndinakunyozerani mawu. Ngati mtima wanu ungalole, mukalankhule ndi akuluakulu kuti andipatse kamalo kakang'ono kumiyendo kwa amayi, kokwana kabotolo basi. Sindikupempha mwambo waukulu. Ndikungofuna malo oti ndizikasesa popanda wondifunsa chiphaso. Mukakana sindidzakudandaulani, munanena kale nthawi ikadalipo.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti tsache lawo lagwira ntchito yaikulu, ndipo ndikulisiya m'manja mwa Flora. Moni kwa ana onse. Asayembekezere zambiri m'chikwama ulendo uno. Mukadutsa kwa a Mwenda muwathokozebe, iwo mbali yawo anachita.

Ku bwalo la ndege ku Lilongwe musabwere ndi gulu, chonde. Mubwere nokha, muvale jekete lanu la kutchalitchi lija, mudzalandire mbumba yanu imene munaiitana kalekale. Tikubwera awiri, koma tikiti ndi imodzi.

Ndine mlongo wanu,
Matildah, amake Lennah.