Akakana Kulowa, Mugogode Katatu

Paris, 9 Novembala 1987

Okondedwa achimwene a Gaspard,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Tchizi chija chinafika, zikomo. Pepani ndi zilembo zokhotakhotazi. Mukudziwa kuti sukulu ndinangoidutsa pakhomo, koma nkhani iyi sindingapemphe munthu wina kuti andilembere.

Ndi za mng'ono wanu Firmin. Zaka pafupifupi makumi anayi ndakhala ndikumuveka zovala, m'nyumba za zisudzo ndi kojambula mafilimu komwe, ndiye palibe amene amamudziwa kuposa ine. Achimwene, mutu wake ukutha. Ndakubisirani chaka chathunthu.

Zinayamba tsiku lina atafika koyeserera sewero atavala mpango wobiriwira. Firmin, amene ankakalipira aliyense wolowa ndi chobiriwira pa nsanja, poti ndi tsoka! Ndinamuvula msanga, ndikuti, "Iwe, wapenga?" Iye akuseka, akuti, "Nsanje basi achemwali, poti inu palibe anakuomberanipo m'manja."

Mwezi watha ankajambula filimu, iye ngati dokotala wa kumudzi. Atayatsa magetsi, anangoima kukamwa kuli yasa. Anayambiranso kanayi konse, mawu osatuluka. Mkulu wa filimuyo anayamba kuyang'ana wotchi. Pamenepo ndinakumbuka ndodo ija amagogoda nayo pansi katatu sewero lisanayambe. Ndinatola tsache, n'kugogoda ndi mpini wake: go, go, go. Munthu anawongoka msana, mawu n'kumangotuluka okha. Koma anali mawu a sewero lake loyamba, lija munabwera kudzaonera mutavala suti ya malemu bambo. Mkulu uja analumpha, akuti, "Musadule! Ukatswiri ndi umenewu!" Onse anaomba m'manja. Ine ndinakalirira kuchimbudzi.

Pano ngakhale supu samwa mpaka ndigogode patebulo katatu.

Loweruka likudzali amayenera kuyamba sewero latsopano pamaso pa anthu mazana asanu ndi atatu. Pa filimu amadula n'kuyambiranso, koma pa nsanja zimenezo kulibe. Ndiye dzulo ndinavala chikhoti changa, n'kupita kwa a Lemoyne, eni ake a nyumba ya zisudzoyo, n'kuulula zonse. Iwo anati, "Mayi Odile, mwamukwirira munthu ali moyo." Ndinati, "Bola ndimukwirire ine, kusiyana n'kuti Paris yense amuseke." Aikapo munthu wina m'malo mwake. Firmin sakudziwa. Ngati ndalakwa, mudzandiuza tikaonana.

Pempho langa ndi ili. Tikwera sitima Lachisanu, ifika ku Aurillac dzuwa lisanalowe. Ndamunamiza kuti akamujambula filimu kumudzi kwathu. Wasangalala, walongedza yekha ndevu zake zomata zija. Mutikonzere chipinda cha malemu mayi. Musamufunse za ku Paris, ndipo anthu a m'mudzi asabwere ndi zithunzi zoti asaine. Akakana kulowa m'nyumba musamukoke dzanja, amakwiya. Mungogogoda pansi katatu ndi ndodo yanu, alowa yekha.

Mundiperekere moni kwa alamu a Solange ndi adzukulu onse. Ndikanakonda kulemba kuti nayenso Firmin akupereka moni, koma mabodza ndatopa nawo. M'mawa uno ndinamuuza kuti ndikulembera a Gaspard. Anaganiza nthawi yaitali, kenako anati, "Dzina labwino. Akusewera ngati ndani amenewo?"

Ndinati, "Ngati akulu ako."

Iye anati, "Muwauze aloweze bwino mawu awo."

Ndiye mulowezedi, achimwene. Lachisanu si kutali.

Ndine mlongo wanu,
Odile