Mtengo wa Mango Sudulidwa

Lachinayi, mwezi wa Juni. Kunja kwazizira tsiku lonse, koma ine mtima ukutentha.

Kachipangizo kamene anandigulira mwana wanga Esinati kakuvutabe. Kali pawiri. Kena timapachika m'khola la anapiye kuti kaziyeza kutentha, kenako kamakhala pabalaza n'kumaonetsa manambala, popanda waya. Koma kapabalazako kakungoonetsa timizere. Dzulo makala anazima m'mbaula ine osadziwa, anapiye ena n'kufa ndi kuzizira.

Masana kunabwera mwamuna wa Esinati, Yohane. Anasintha mabatire, n'kuzungulira nako pabwalo ngati sing'anga wofufuza nyanga. Kenaka akuti, "Bambo, netiweki ikutchingidwa ndi mtengo wa mangowu. Masamba achuluka. Tingodula basi."

Ndinati, "Akamwini, mtengo umenewu anadzala ndi malemu apongozi anu titangofika kuno ku Chinsapo. Inu n'kuti mukuyamwa."

Anaseka. Ndi yemweyu anagwetsa mapapaya anga osandifunsa, kuti apeze poimika galimoto.

Atapita ndinayenda nako ndekha nyumba yonse. Pabalaza zii, kuchipinda zii. Nditafika pazenera la kukhitchini, loyang'anana ndi khola, manambala anabwera. Ndakhoma msomali pomwepo n'kukapachika, ndipo mphasa ndi bulangete ndasamutsira komweko. Msana ukafuna kuwawa, uwawe. Anapiye ndiziwaona.

Yohane atamva, akuti zimenezo n'zongovutika, Loweruka abwera ndi munthu wa nkhwangwa. Abwere. Adzandipeza nditatsamira mtengowo, ndipo akafuna kudula ayambire ine, chifukwa mtengo umenewu anandisiyira ndi malemu akazi anga.