Mbali ya Kumanzere

Lolemba, 8 Sepitembala

Ndamukankha mwana wanga. Ndilembe choncho basi, osakometsera.

Ndimapinda zovala pabedi, Chiwala n'kulowa chothamanga kuchokera kusukulu. Dzinali tinamupatsa chifukwa sayenda, amangodumpha. Anadumpha n'kundikolekera m'khosi cha kumanzere, kumene anadula bere. Ndinamva ngati wina wandikhuthulira madzi owira m'khwapa. Sindinaganize n'komwe, dzanja linapita lokha. Mwana anadzandira n'kumenyetsa chipumi pakona ya kabati. Magazi pang'ono, chotupa ngati dzira.

Sanalire msanga. Anayamba wandiyang'ana kaye. Maso amenewo ndi amene akundisowetsa mtendere.

Bambo ake anali pakhomo, anaona zonse. Anamunyamula, kumuthowa ndi madzi ozizira. Bola akanandikalipira. Kenako anangofunsa motsitsa mawu ngati pali chimene chikundivuta. Ndinati palibe. Nanga ndikanati chiyani? Khansa anaichotsa chaka chatha, tsitsi linameranso, abale anabwera kudzasangalala nafe. Munthu wochira sadandaula.

Lachiwiri, 9 Sepitembala

Kusaluni tsiku lonse. Zala zadzanzi monga mwa masiku onse, chiyambireni mankhwala a m'diripi aja. Ndimaluka ngati ndavala magolovesi, tsitsi osalimva. Kasitomala wina wadandaula kuti ndikumuzula ubongo. Ndapepesa. Madamu, eni saluni, anangonditsinzinira diso kuti ndisamale.

Chovuta china ndi fani. Mphepo yake ikagwedeza bulauzi, msoko ukakhudza chipsera, ndimaona nyenyezi masana. Ndimanamizira kukatenga meshi kuchipinda chosungira katundu, n'kukaima kuseri kwa makatoni nditakweza bulauzi kuti khungu lipume. Mnzanga Wamilomo akuti ndili ndi chibwenzi m'makatonimo. Ndinaseka nawo.

Kunyumba Chiwala anaima pakhomo, manja kumbuyo ngati ali pamaso pa ahedi. "Ndabwerako amayi." Kenako anakavula yunifomu yekha, kuipachika bwinobwino. Sindinamutume.

Lachinayi, 11 Sepitembala

Kunabwera alamu, achemwali awo a bambo ake. Anatambasula manja kuti andikumbatire, Chiwala n'kuima pakati pathu.

"Musawakhudze amayi. Amapsa."

Alamu anaseka mpaka kugwira m'mimba, akuti mwanayu adzakhala wapolisi. Titakhala pansi anandiuza kuti ndikuoneka bwino, ndanenepa, ndipo ndiziyamika chifukwa anzanga amene ndinkadwala nawo ena ali m'manda. Sananame. Ndinakumbukira a Chipewa, amene tinkakhala moyandikana polandira diripi, aja ankavala chipewa chofiira n'kumatiseketsa kuti mitu yathu ikuwala kuposa magetsi a m'chipatala. Anatisiya mu Epulo. Ana awo akuleredwa ndi achibale. Ine ndatsala, mwana wanga ndili naye pompano, koma ndikulira ndi bulauzi. Manyazi bwanji.

Loweruka, 13 Sepitembala

Chiwala wadzipana chala ndi chitseko cha kubafa. Ndinali pakhonde ndikutsuka zipeso. Anatuluka akulira, chala m'mwamba, ine n'kudzuka msanga. Anandidutsa. Anandilambalala ngati mtondo wogona panjira, ulendo kwa aneba. Ndinamva mayi a kumeneko akumutonthoza, kumuuzira chalacho, kumuuza kuti sichiduka.

Ndinabwerera kuzipeso zanga. Chipeso chimodzi ndinachitsuka mpaka mano kupindika.

Lamulungu, 14 Sepitembala

Sindinatuluke. Ndinati mutu ukundiwawa. Mwana akudya yekha, akusamba yekha, sakupempha kanthu. Wazaka zisanu ndi chimodzi.

Lachiwiri, 16 Sepitembala

Tsiku langa lokaonedwa kuchipatala. Bambo ake anapempha kuntchito kuti andiperekeze. Ndinakana, iwo anangovala nsapato.

Adokotala atafunsa kuti ndikupeza bwanji, pakamwa panga panatuluka zomwe zija: ndili bwino. Anandiyang'ana, kutenga kathonje, n'kukadutsitsa pang'onopang'ono pansi pa mkono. Ndinadumpha mpaka kugwetsa kabeseni kachitsulo. Phokoso lake!

Apo bambo ake anayamba kulankhula. Akuti ndimagona nditakhala tsonga, bulangeti sindilifuna pachifuwa, ndinasiya kuyanika zovala pachingwe chapamwamba, ndipo ndikamasamba ndimaluma thaulo. Ine ndinkayesa sakudziwa. Anthu awa amangokhala duu ngati chitsa, kani akuona zonse. Za Chiwala sananene. Ndinanena ndekha, ndikulira ngati mwana.

Ndinafunsanso chimene ndakhala ndikuopa kufunsa miyezi yonseyi, ngati matendawo abwerera. Anandipima, kuonanso zithunzi za mwezi watha, akuti ayi. Akuti ndi mitsempha imene inavulala pa opaleshoni ndi mankhwala aja. Imakuwa moto pomwe palibe moto. Zimachitikira ambiri, ena zimachepa, ena amakhala nazo nthawi yaitali. Sanandilonjeze kuti zitheratu. Anangoti, "Mayi, kuchira khansa ndi nkhani ina, ululu uwu ndi nkhani inanso. Mukanabwera kale."

Andipatsa mapiritsi, kuyamba ndi ochepa. Kenako kwa mayi wa mafizo, wamfupi, wamanja ngati womanga nyumba. Wandiphunzitsa kukwera khoma ndi zala kuti phewa limasuke, ndi kusisita pachipsera tsiku lililonse, kuyamba ndi kansalu kofewa, m'tsogolo thaulo, kuti khungu lizolowerenso. Kenako anaika chikhatho chake chonse pamalopo n'kukanikiza. Ndinatseka maso kudikira moto. Unabwera, koma wochepa. Akuti kwa ena kukhudza mopepuka n'kumene kumawawa kwambiri kuposa kugwira zolimba. Zodabwitsa.

Pobwerera ndinafunsa bambo ake kuti bwanji sankanena kuti akudziwa. Akuti ankadikira kuti ndiwauze ndekha, ankaopa kundichititsa manyazi. Anthu awiri m'nyumba imodzi, aliyense kubisira mnzake.

Lachisanu, 19 Sepitembala

Mapiritsi akuthandiza pang'ono, koma tulo! Dzulo madzulo ndinalonjeza Chiwala kuti ndimuluka tsitsi, poti lero kusukulu amajambula zithunzi. Ndinakhala pampando kuti ndipume kaye. Basi. Podzidzimuka m'mawa kunja kutayera, ndili pampando pomwepo, wina atandifunditsa miyendo yokha. Bambo ake analawirira kuntchito, mwana atapita kale ndi ana a aneba.

Atabwerako kusukulu ndinamuona. Anadzipesa yekha, mafuta thoo mpaka m'makutu, katsitsi kamodzi kataima ngati nyanga. Mwana wa woluka tsitsi. Ndinamufunsa kuti bwanji sanandidzutse. Akuti ndimagona bwino, ndipo sanadziwe pondigwira.

Ndaimbira anamwino, akuti ndizimwa mofulumirirako ndipo thupi lizolowera. Chithunzicho ndichigula ndithu. Kaya ndidzatha kuchiyang'ana.

Lamulungu, 21 Sepitembala

Ndimakwera khoma langa kuchipinda, Chiwala akusuzumira pachitseko. Anafunsa ngati ndikusewera kangaude. Ndinati eya, bwera tipikisane. Anabwera, kuima patali pang'ono, zala zake tseretsere mpaka pomwe amafika. Wapambana ndi iye, akuti kangaude wanga ndi nkhalamba. Anaseka. Ndinali nditaiwala kuti mano akutsogolo alibe.

Ndinaona ngati mpata ndi womwewu. Ndinagwada n'kumufotokozera kuti akandigwira zolimba sizipweteka kwambiri, ayese. Anabweza manja kumbuyo.

"Ayi amayi, mupsa."

Sindinamukakamize. Ndine ndinamuphunzitsa zimenezi, ndi chipumi chake.

Bambo ake ndi amene anayesa, mwana atapita kosewera. Chikhatho chawo chokhakhala chija anachiika pamalopo n'kukanikiza. Kuyambira opaleshoni anali asanaonepo chipseracho. Anangoti adokotala anasoka bwino kuposa telala wawo.

Lachitatu, 24 Sepitembala

Kusukulu anaweruka msanga, aneba kulibe, ndiye ndinapita naye Chiwala ku mafizo. Anakhala pabenchi mwaulemu, mpaka mayi wa mafizo anati sanaonepo mwana wofatsa chonchi. Mawuwo anandilasa. Akanamudziwa kale.

Pobwerera basi inali yodzaza. Malo amene tinapeza, iye anakhala kumanzere kwanga, ine kuwindo. Ndinaona akuyeza kampata pakati pathu, n'kuikapo chikwama chake. Anakhala chowongoka ngati msilikali. Koma kunatentha, basi ikuyenda pang'onopang'ono, mutu unayamba kulemera. Ankati akawodzera n'kudzidzimuka, akawodzera n'kudzidzimuka. Chikwama chinagwera pansi. Kenako mutu wonse unagwera pachifuwa panga, pachipsera penipeni.

Moto. Ndinaluma mlomo, dzanja lija ndinalimva likufuna kunyamuka. Ndinaligwiritsa chitsulo cha mpando wakutsogolo, n'kupuma monga anandiphunzitsira. Kenako ndinabweretsa lamanja, kugwira mutu wake n'kuukanikizira kwa ine. Moto unatsika, kutsala makala. Tsitsi lake likununkha fumbi ndi sopo.

Basi inagunda dzenje, iye n'kudzuka. Ataona pomwe wagona anafuna kudumpha, akupepesa mobwerezabwereza. Sindinamusiye.

"Zikuwawa?"

"Zikuwawa pang'ono. Koma usachoke."

Anakhala chouma ngati thabwa, maso ali tong'o, akumvetsera ngati ndikuwa. Pang'onopang'ono ndinamva thupi lake likulemera. Titafika potsikira pathu kondakitala anandiyang'ana, ine n'kupukusa mutu. Tinakatsikira kutsogolo, pafupi ndi malo omwetsera mafuta, bulauzi itanyowa ndi dovu lake, mkono wonse uli dzanzi.

Tinabwerera wapansi. Tisanafike patali anayamba kuvuta: watopa, nsapato ikumuluma, akufuna chingamu cha pagolosale. Ndinati chingamu ayi, mano omwewo alibe. Anakoka siketi yanga, kupondaponda pansi, anthu akutiyang'ana. Ndinamukalipira kuti asiye mwano.

Anandiyankha kuti ndine mayi woipa, n'kukhala pansi pakati pa njira, kukana kudzuka mpaka nditagula.

Ndagula ziwiri.