Zokanena pa Ukwati wa Evance

Lachiwiri, 22 Epulo

Evance wabwera kudzayesa suti. Mapewa ali bwino, mikono yatalika pang'ono. Ine mapini ali kukamwa, iye n'kuponya nkhani: pa ukwati wake, pa 10 Meyi ku Chegutu, woyankhula m'malo mwa banja ndine. Ndinatsala pang'ono kumeza pini.

Ine, telala wa ku Ingezi. Munthu amene ku tchalitchi akati wina atipempherere, ndimayang'ana nsapato. Koma ndaninso wina? Mayi ake, mlongo wanga Enesi, ali ku Joni, mapepala sali bwino, akatuluka sadzalowanso. Bambo ake anasowa mwana asanamere mano. Malume, sekuru monga amanenera kuno, ndine ndekha. Pothawira palibe.

Mkazi wanga Lois waseka mpaka kugwira khoma. Akuti zaka zonse za banja lathu, amene amandimva ndikuyankhula ndi makina osokera okha.

Koma anthu amatha bwanji? Mmodzi kuimirira, chikhamu chonse zii. Chilipo chimene amachita. Ndichifufuza.

Lachinayi, 24 Epulo

Ku Chegutu kukapereka mayunifolomu. Sanandilipire, akuti kumapeto kwa mwezi. Nyimbo yakale.

Pobwerera m'basi munakwera wogulitsa mankhwala a mano. Masiku onse anthu otere ndimawatembenukira nkhongo. Lero ndinamuyang'anitsitsa ngati nsalu yatsopano.

Sanayambe ndi mankhwala ayi. Moni kaye: amayi, abambo, mpaka dalaivala. Kenako funso, ndani muno sanachezerepo ndi dzino? Mitu yonse gwedegwede. Ndiye anakhala chete. Chete ameneyo! Ine ndikakhala chete anthu amati ndaiwala. Iye atakhala chete tonse tinatchera khutu. Maso ake amasankha munthu mmodzi, amalize naye mawu, apite kwa wina. Basi ikudumpha m'maenje, mwini wake osagwedera.

Ndagula kabotolo. Mano anga ndi abwinobwino. Lois walawa, akuti madzi a mchere.

Ndiye zandipatsa maganizo. Luso lake ndi lomwelo, kaya katundu ndi wabwino kaya wowola? Zikuoneka choncho. Sindinakondwe nazo.

Lamlungu, 27 Epulo

Titaweruka ndinawagwira a Zefaniya, mkulu wa mpingo. Maliro kapena ukwati wa anthu athu, kuyambira kuno mpaka m'mapulazi a ku Selous, oyankhula amakhala iwo. Ndinawafunsa chinsinsi chake. Anati chinsinsi palibe, kenako anandiimika padzuwa mpaka mimba kulira.

Zimene ndatola. "Muyambe mwadziwa amene akukumverani, ndi chimene chikumudya mumtima." China: "Munene chinthu chimodzi. Mukanena zitatu, anthu apita kwawo akukumbukira mpunga wokha." Ndiponso ndikhale pansi anthu akadandifuna.

Ndinafunsa za mawondo. Anga amanjenjemera ndikangoganiza za maiki. Akuti awonso amanjenjemera mpaka lero. "Mumayesa mathalauza otakasuka aja ndimakusoketsani chifukwa cha fasho?" Zaka zonsezi ndikuwayeza m'chiuno, osadziwa.

Potsazikana anandikoka mkono. "Musadzanene pa maiki zimene simunganene kwa munthu mmodzi mutayang'anana maso." Ndinavomera mosavuta. Bodza lanji pa ukwati?

Madzulo ndayeserera m'shopu. Omvera anga majekete opachika pa waya. Akhalidwe labwino, palibe watuluka. Mawu anga akuthamanga ngati ndaba chinthu. Ndaona kuti ndikapuma mpweya ndisanayambe, liwiro limatsika. N'chifukwa chiyani palibe anandiuzapo zimenezi ndili mwana?

Lachitatu, 30 Epulo

Magetsi kulibe kuyambira m'mawa. Ndabwerera ku makina opalasa, msana ukudandaula.

Evance wabwera za mikono ija. Watseka chitseko, chinthu chimene sachita.

Nkhani ndi iyi. Tsiku lopereka roora, malowolo a kuno, mnzake wa kuntchito amene anali nkhoswe anauza akuchikazi kuti ife si obwera, kwathu ndi kumidzi ya ku Mhondoro, mutupo kapena kuti mfunda wathu ndi Shumba. Ine tsikulo ndinali kuchipatala ndi Lois, ndinangomva kuti zayenda bwino. Kani zinayenda chonchi. Tsopano akufuna pa ukwati ndiyankhule Chishona chokhachokha, nditchule Mhondoro. "Sekuru, mawu awiri okha, kenako mukhale pansi." Ine kufunsa m'Chichewa, iye kuyankha m'Chishona, monga mwa masiku onse. Lero lokha zinandilasa.

Ku Mhondoro ndinangodutsako kamodzi, pamwamba pa lole. Bambo anga anachoka ku Dedza wapansi kudzalowa mumgodi ku Chakari. Fumbi la mgodiwo linawatsata mpaka kumudzi kumene anakafera. Amayi anatsala kuno, tinawaika ku Chakari komweko. Ndife a Phiri. Mwana ndinam'bereka kumsana ameneyu akuchita nafe manyazi. Zandipweteka, ndilembe momwemo.

Atapita, chidwi chinandigwira. Ndinaima pamaso pa majekete, ndinapuma mpweya, ndinayang'ana la buluu. "Tinobva kuMhondoro." Ndiko kuti timachokera ku Mhondoro. Zinatuluka bwinobwino, mosalala kuposa mawu onse amene ndakhala ndikuyeserera. Pamenepo ndiye ndinachita mantha.

Lachisanu, 2 Meyi

Rutendo, mkwatibwi mwini wake, wabwera ndi madiresi a operekeza oti ndipinde. Wagwada, waomba m'manja. Mwana waulemu. Anzake atatuluka, watsala.

Akuti za Mhondoro anayambitsa ndi iye, osati Evance. Mkulu wake anafunsiridwa ndi mnyamata wa pa pulazi, makolo ake a ku Mozambiki. Bambo awo, a Marufu, anabweza ndi funso limodzi: "Munthu wopanda kumusha, wopanda mudzi wakwawo, mwana wanga akadzamwalira mudzamuika kuti?" Mtsikanayo anathawira kwa mwamuna. Mpaka lero sanapondenso pakhomo. "Sekuru, bambo si ankhanza. Ndi amantha."

Tsiku lonse funso limenelo lakhala likuzungulira m'mutu. Ine ndimayesa amatinyoza basi, monga ena amachitira. Mwina kunyozako kulipo ndithu. Koma pansi pake pali bambo woopa kuti mwana wake adzatayika ngati batani, osadziwika pamene wagwera. Womvera wanga ndi ameneyo. Chimene chikumudya ndachidziwa tsopano.

Lois akuti ndingonena mawu awiriwo, ndidye mpunga, ana akwatirane. Kenako wasintha, akuti kapena ndingophulitsa choonadi pa maiki, chikachitika chachitika. Mkazi wanga njira zake zimakhala ziwiri, zonse zothamanga.

Ndikanama, ana amene adzabadwe adzasenza bodzalo, adzafunsa kwa agogo ku Mhondoro tizipita liti. Ndikaulula mowadzidzimutsa, ndawavula ana awiri pagulu, ndi choonadi chomwecho. Kani choonadi nachonso munthu ungamenye nacho mnzako? Sindinaganizepo.

Lachiwiri, 6 Meyi

Ndawaitana onse awiri, Evance ndi Rutendo. Ndawakhazika pa benchi la makasitomala.

Ndawauza kuti Mhondoro sindidzatchula. Kuwatchera msampha pagulu, nakonso ayi. Ndinaimirira n'kuwayankhulira mawu onse amene ndakonza, kuyambira moni mpaka zikomo, kuti pasadzakhale chowadabwitsa. Akapanda kuwafuna, asankhe woyankhula wina. Ine ndidzakhala pampando, ndidzadya, ndidzaomba m'manja, popanda chakukhosi. Koma chabwino apite okha kwa a Marufu tsiku lisanafike.

Aka n'koyamba kuyankhula pamaso pa anthu opuma. Mawu anatuluka ndithu.

Evance anadzuka. "Mukufuna kundiphera ukwati chifukwa cha Dedza amene inuyo simunamuonepo." Zoona, sindinapiteko. Wanyamula suti yosasita, wapita.

Rutendo anatsala akulira. Kenako anapempha ndibwereze pamene ndatchula Chakari. Ndinabwereza.

Lachisanu, 9 Meyi

Zii. Foni osalira, kupatula Enesi. Uthenga wa mawu wautali, kukalipa kokhakokha, akuti mwana wake akasiyidwa ndidzamukwatira ndine.

Mawa ndiyankhula kapena ayi, sindikudziwa. Jekete ndasita. Thalauza ndasankha lotakasuka.

Lamlungu, 11 Meyi

Zachitika. Ndilembe zisanasokonekere.

Pakhomo la holo azakhali ake a Rutendo anandikokera pambali. Akuti mwanayo anagwada kwa bambo ake Lachinayi, anaulula zonse. Mkuluyo sanakalipe, sanadyenso. Anangoti ukwati wa ku tchalitchi uchitike, zinazo akazimva pakamwa pa malume, pamaso pa abale ake onse amene ananamizidwa.

Woyendetsa mwambo ataitana sekuru a mkwati, ndinayang'ana Evance. Maso pa tebulo. Rutendo anagwedeza mutu pang'ono. Ndinadzuka.

Maiki ndinaiyandikiza kwambiri, inalira ngati nkhumba. Anthu kuseka. Kusekako kunandithandiza, sindikudziwa chifukwa chake. Ndinapuma mpweya. Moni m'Chishona, mmodzimmodzi monga mwa ulemu wawo. Kenako moni m'Chichewa. Kukhitchini mayi wina analulutira, kaya ndi ndani.

Ndinanena chinthu chimodzi. Kuti mawu amene anaperekedwa pa roora sanali oona, ndipo banja lathu likupepesa. Kuti mudzi wa minda ndi ng'ombe tilibe. Bambo anachoka ku Dedza, thukuta lawo lili pansi pa nthaka ya ku Chakari, amayi agona komweko, ndiye kwathu. Ndinayang'ana a Marufu okha. Ndinati mwana wolowa m'banja lathu sasowa pogona, ali moyo kapena atatisiya.

Ndinakhala chete. Holo yonse chete. Kani zimatheka ndi ine yemwe! Kukoma kwake sindingakufotokoze, ngati sizasi yakuthwa ikamayenda yokha pansalu. Ndiye pakamwa panawonjeza zimene sindinakonze: "Manda a amayi athu timawasamala, aliyense akhoza kukawaona." Zinamveka bwino. Anthu anaomba m'manja. Ndinakhala pansi.

Si onse anaomba. Kumbuyo wina anaponya mawu aja amatinenera ife obwera, ena anaseka. Amuna awiri a kuchikazi anatuluka, osabweranso. A Marufu manja ali pa ndodo.

Kunja a Marufu anandipeza okha. "Mwayankhula ngati munthu." Mtima pansi. Kenako: "Loweruka ndibwera ndidzaone mandawo. Ndikawaona, mwana wanga tidzam'perekeza kwanu." Mpaka tsikulo Rutendo akhala kwa makolo ake.

Evance sanandiyankhule. Koma mbale yanga ya mpunga anabweretsa ndi iye, osatuma munthu.

Lachinayi, 15 Meyi

Ku Chakari ndi basi yam'mawa. Khasu ndi chikwanje m'thumba. Shopu yotseka, ntchito za eni ake zikudikira.

"Timawasamala." Ndani anandituma? Njira yonse ndakhala ndikuwatembenuza mawu amenewo. Sanali m'zimene ndinayankhulira ana aja. Anabwera chifukwa anthu anali chete ndipo ine ndinkafuna akhalebe chete. Kumandako ndinapitako komaliza Evance ali ku pulayimale.

Malo ndinawazindikira ndi mtengo wa mkuyu. Zina zonse zasintha. Udzu wopitirira mutu. Okumba golide afika mpaka m'mphepete, maenje paliponse, kuyenda moponda bwino. Zikwangwani zachitsulo za mayina anazula kalekale, akuti zinagulitsidwa.

Pansi pa mkuyu pali mitumbira iwiri yogundizana. Umodzi ndi wa amayi. Winawo wa mayi wina wa mu komboni, anamwalira mwezi womwewo, dzina ndaiwala. Ndaima, ndazungulira, ndayesa kukumbukira kumene tinaima tsiku lija, dzuwa linali mbali iti. Palibe. Mwana wobadwa mwa iwo, osadziwa pamene agona. Ndalira, ndisabise.

Ndatumiza chithunzi kwa Enesi. Wayankha kuti wakumanja. Patapita kanthawi, kapena wakumanzere.

Bambo wina wokumba golide anabwera kudzaona chimene ndikufuna. Nditamufotokozera anaseka. "Mudhara, ingolozani umodzi. Akufa satsutsa." Zoonadi. A Marufu sangadziwe. Evance sangadziwe. Chala chimodzi, nkhope yolimba, kupuma mpweya, maso pa munthu. Ndikudziwa kachitidwe kake tsopano, ndipo angakhulupirire.

Ndalambula yonse iwiri. Manja matuza okhaokha, sabata ino singano ivuta.

Loweruka ndidzaima pakati pake. Omvera mmodzi, popanda maiki. Ndidzati pa ukwati paja ndinawonjeza, sitinawasamale. Amayi ali mwa umodzi wa iwiriyi, sindikudziwa uti. Akatembenuka n'kupita ndi mwana wawo, Evance ndidzamuyang'ana bwanji?

Moni ndiye ndadziwa poyambira. Mawu otsatira ndi amene sindinawapeze.