Zimene amayi anabisa kuchipatala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, kupatula mwana wanga Tadala.

Mwanayu akusamba m'manja mpaka khungu kung'ambika. Popita kusukulu amabwerera kangapo kudzagwira chitseko, akulira kuti akapanda kutero ine ndifa. Mwana wa sitandade 3!

Lachiwiri ndinajomba kothyola tiyi, ine ndi amayi tinapita naye kuchipatala. Adokotala anati ndi matenda a maganizo, ndipo akayamba paubwana chonchi, kawirikawiri amakhala akumtundu. Atafunsa ngati alipo wina m'banja mwathu amene anadwalapo chonchi, amayi anayankha msangamsanga: "Kwathu kulibe zimenezo. Mukafunse kwawo kwa bambo ake."

Achimwene, ndinapsa mtima. Si inu kodi munkamanga ndi kumasula zingwe za nsapato mpaka kuchedwa kusukulu, amayi n'kumakukwapulani ndi nthambi ya bulugamu? Ine ndinkaona.

Chonde ndilembereni zonse, mmene zinayambira ndiponso ngati zinatha, ndikawapatse adokotala. Musachedwe. Dzulo ndapeza nthambi yaiwisi ya bulugamu kuseri kwa chitseko cha amayi.

Ambuye akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Esinati